Zinyalala Zikuluzikulu Zili ndi Malo Ake

Pakhomo paliponse pamapezeka zinthu zimene zatha ntchito. Makoko a mbatata, zotsala za chakudya ndi masamba ouma sizivuta kutaya, chifukwa zimaponyedwa m'dzenje la kuseri kwa nyumba, ndipo zikawola zimasanduka manyowa. Koma pali zinthu zina zimene sizikwana m'dzenje ndiponso siziwola. Zinthu zimenezi ndi monga matiresi ong'ambika, mipando yothyoka, malata adzimbiri, matayala akutha ndi mafiriji owonongeka.

Makhonsolo a mizinda ya Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba ali ndi malamulo a ukhondo. Malamulowo amaletsa kutaya zinyalala mumsewu, m'ngalande kapena mumtsinje, ndipo munthu wopezeka akuchita zimenezi angathe kulipitsidwa chindapusa. Makhonsolowo adapatula malo otayirako zinyalala. Ku Blantyre malowo ali ku Mzedi, m'mbali mwa msewu wa ku Zomba, pamene ku Lilongwe ali ku Area 38.

Malamulo amenewa ndi oyenera, chifukwa munthu amene amataya chinthu mosasamala si ndiye amene amayamba kuvutika. Munthu akaponya matiresi mumtsinje wa Mudi usiku, amabwerera kwawo nakagona tulo tabwino. Mvula ikagwa, matiresi aja amakokoloka nakatsakamira pa mlatho. Nthambi, mapepala ndi matope zimaunjikana pamenepo mpaka njira ya madzi itatsekeka. Akuluakulu adati madzi saiwala khwawa. Akapeza khwawa lawo lotseka, amasefukira m'nyumba za anthu osalakwa, atatenga zonyansa za m'zimbudzi. Madzi otere amafalitsa kolera, nthenda imene idapha anthu oposa 1,700 m'Malawi muno m'zaka za 2022 ndi 2023.

Palinso zoopsa zina. Tayala lotayidwa pa tchire limasunga madzi amene udzudzu umaswanamo. Lata ladzimbiri lingathe kucheka mwana phazi, ndipo bala lakuya losasamalidwa limalowetsa kafumbata. Mwana wochita chibisalirano akalowa m'firiji yakale chitseko nkutsekeka, angathe kufa chifukwa chosowa mpweya. Kutentha zinthu zimenezi sikuthandizanso, pakuti utsi wakuda wa matayala ndi matiresi umawononga mapapo.

Anthu ena amadandaula kuti lamulo ndi lovuta kulitsata. Iwo amati galimoto za khonsolo sizifika m'malo ambiri okhala anthu, kotayira zinyalala nkutali, ndipo kubwereka galimoto kumafuna ndalama. Dandaulo limeneli ndi loona, ndipo makhonsolo ayenera kulimva. Komabe kutalika kwa Mzedi sikupatsa munthu ufulu wosandutsa mtsinje kukhala dzala.

Munthu wanzeru amayamba wafunsa ngati chinthucho chathadi ntchito. Mpando wothyoka mwendo ungathe kukonzedwa ndi kalipentala. Amisiri a ku Ndirande ndi m'misika ina amasula mbaula kuchokera ku zitsulo zakale, ndipo ena amadula matayala napanga nkhwaira. Ogula zitsulo amayenda m'makomo ndi sikelo, kotero mwini bedi lothyoka amapezapo kangachepe. Zotsala zimene palibe wozifuna ndizo zoyenera kupita kotayira. Popeza mutu umodzi susenza denga, mabanja oyandikana angathe kupangana tsiku limodzi, kusonkha ndalama ndi kubwereka galimoto imodzi, atafunsa kaye kwa mfumu kapena ku khonsolo.

Mwana wa sukulu alinso ndi mbali yake. Iye sangasenze firiji, koma angathe kukumbutsa makolo ake mwaulemu za lamulo, ndiponso kuuza akuluakulu akaona ngalande yatsekeka. Chinthu chilichonse chimakhalabe cha mwini wake kufikira atachipereka kwa mmisiri kapena atachifikitsa kotayira.

Mafunso

1. Kodi ndi zinthu ziti zimene sizingatayidwe m'dzenje la pakhomo?
2. Kodi matiresi otayidwa mumtsinje amavutitsa bwanji anthu ena?
3. Nchifukwa chiyani kutentha matayala nkoipa?
4. Kodi mwambi wakuti "mutu umodzi susenza denga" ukutanthauza chiyani m'nkhaniyi?