Musanagule bokosi, ganizirani kaliyala

Anzathu ambiri kuno ku Ntcheu akangogula njinga yamoto amathamangira bokosi lapulasitiki lokhoma ndi kiyi. N'lokongoladi, ndipo mvula silowa. Koma ine ndimati yambani mwadzifunsa: tsiku ndi tsiku muzinyamula chiyani?

Ngati ndinu mphunzitsi kapena mlangizi wongonyamula mabuku ndi kamba wapaulendo, bokosilo ndi lanu. Koma wakabaza wa pa Lizulu kapena ku Tsangano amakweza thumba la kachewere, kabichi, ndi mwini katunduyo pamwamba. Kwa iyeyu bokosi limangodya malo. Chomuyenera ndi kaliyala wolimba, womangidwa bwino ndi mabawuti, komanso zingwe zamphira zosafwifwa. Dengu kapena kreti azimangirira pakafunika.

Chikwama chakumsana n'chotsika mtengo, koma chimatopetsa mapewa, ndipo mukagwa muli masipanala m'katimo, wolipira ndi msana.

Chilichonse mungasankhe, katundu wolemera azikhala m'munsi, pafupi ndi inu. Akalendewera kumbuyo, tayala lakutsogolo limapepuka, njinga n'kumadzandira pa M1 malole akudutsa. Musaphimbenso nyali yakumbuyo.

Kachewere akamwazika mutola, abale, koma mwendo sagulitsa pamsika.