Ngolo ya Chingwe ndi Mayi Amene Adaipulumutsa

Amayi anzanga, sabata ino tisiye kaye za mphika ndi singano, tiyende ulendo wautali. Tikupita ku San Francisco, mzinda wa m'mphepete mwa nyanja yamchere ya Pacific, m'chigawo cha California ku America. Kumeneko mlendo wofuna kuuona bwino mzinda salira galimoto yothamanga ayi. Amakwera ngolo zakalekale za mitundu iwiri zoyenda pa njanji pakati pa msewu, ndipo mtundu umodzi mwa iwiriyo ulipo lero chifukwa cha khama la mayi mnzathu.

San Francisco adamangidwa pa zitunda zambiri, zina zotsetsereka moti munthu pokwera amachita kugwira m'mawondo. Kale anthu ankayenda pa ngolo zokokedwa ndi akavalo, ndipo nyamazo zinkazunzika koopsa, makamaka mvula ikagwa miyala ya mumsewu n'kuyamba kuterera. Tsono bambo wina wopanga zingwe zawaya, dzina lake Andrew Hallidie, adaganiza njira ina. M'mwezi wa Ogasiti 1873 adayesa ngolo yake yoyamba pa chitunda cha Clay Street, ndipo idayenda bwinobwino popanda kavalo. Eni ake amaitcha cable car, koma ife tingoti ngolo ya chingwe.

Chodabwitsa n'chakuti ngoloyi ilibe injini. Pakati pa njanji ziwiri pali kampata kakang'ono, ndipo pansi pake, m'ngalande yobisika, mumadutsa chingwe chawaya chokula pafupifupi ngati mpini wa khasu. Chingwecho chimayenda kuyambira m'mawa mpaka usiku pa liwiro limodzi, makilomita 15 pa ola. Woyendetsa amakhala chiimirire atagwira chitsulo chachitali. Akachikoka, chopanira chonga pulayala yaikulu chimaluma chingwe pansi paja, ngolo n'kunyamuka. Akafuna kuima amachitaya chingwecho n'kumanga mabuleki. Ena mwa mabulekiwo ndi a matabwa okhuzana ndi njanji, n'chifukwa chake potsika chitunda mumamva kafungo ka nkhuni yopserera. Zingwe zonse zimakokedwa ndi makina a m'nyumba imodzi pa mphambano ya misewu ya Washington ndi Mason, ndipo mlendo amaloledwa kulowamo ulere kukaona mawilo akuluakulu akuzipukusa.

Njira za ngolozi zatsala zitatu: Powell-Hyde, Powell-Mason ndi California Street. Ife tikwere ya Powell-Hyde. Ulendo umayambira pamene msewu wa Powell ukumana ndi wa Market. Pamenepo ngolo imakwera pa thabwa lalikulu lozungulira, woyendetsa ndi kondakitala n'kutsika, n'kuikankha ndi manja awo mpaka itatembenuka. Belu likalira, mwanyamuka. Mudutsa Union Square, bwalo lozingidwa ndi masitolo akuluakulu, kenaka mukwera Nob Hill, kumene anthu olemera a kale adamanga nyumba zawo. Mulambalala Chinatown, dera la anthu ochokera ku China, ndipo posakhalitsa mufika pamwamba pa Russian Hill.

Apa ndiye mutsegule maso. Kudzanja lamanja kuli msewu wa Lombard, umene umatsika mokhotakhota kasanu n'katatu pakati pa maluwa, magalimoto akuyenda ngati nkhono. Kutsogolo kuli nyanja mbee, ndipo pakati pa madzi pali chilumba cha Alcatraz, chimene chidali ndende yoopsa kufikira 1963. Ngolo ikayamba kutsetsereka kulinga kugombe, mtima umachita kuti myuu, koma musaope, pakuti chingwe chija sichiilola kuthamanga kuposa icho. Mukatsika, ngati kulibe nkhungu, muona chakumanzere mlatho wofiira wa Golden Gate umene udatsegulidwa mu 1937.

Kuchokera pamenepo muyende pansi pang'ono kupita ku Fisherman's Wharf, dooko la asodzi, kumene mupeze ngolo ya mtundu wachiwiri. Iyi ndi tramu, sitima yaing'ono ya mumsewu imene imatenga mphamvu ku mawaya a magetsi a m'mwamba. Njira yake imatchedwa F, idayamba mu 1995 ndipo idafika kudookoli mu 2000. Matramu ake ndi akale okhaokha, opakidwa utoto wosiyanasiyana, ndipo ena adachokera ku Milan m'dziko la Italy. Tramu imatsata gombe. Pa Pier 39 mumva phokoso la nyama za m'nyanja zotchedwa sea lion, zonga akatumbu akuluakulu, zimene zidayamba kugona pamatabwa a pamenepo mu 1989. Mupitirire ku Ferry Building, nyumba ya nsanja ya wotchi ya m'chaka cha 1898, kumene alimi amadzagulitsa ndiwo zamasamba ndi zipatso, makamaka Loweruka. Kenaka tramu imalowa msewu wa Market n'kukubwezani pomwe mudayambira. Pa matramu a mzinda womwewu, m'zaka za nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, mtsikana wachikuda adaumirira mpaka adalembedwa ntchito ya ukondakitala, imene atsikana a khungu lake ankakanizidwa. Mtsikanayo ndiye Maya Angelou, amene pambuyo pake adatchuka ndi kulemba mabuku.

Tsono tibwerere kwa mayi ndidamtchula poyamba uja. Chivomezi ndi moto wa mu Epulo 1906 zidaononga mzindawu, ndipo pomanganso njira zambiri za chingwe zidasanduka za magetsi. Zotsalazo zidapitirira kuchepa. Mu 1947 meya wa mzinda, Roger Lapham, adalengeza kuti ngolo za chingwe za msewu wa Powell zichotsedwe, m'malo mwake mulowe mabasi. Zifukwa zake sizidali zopusa ayi. Ngolozo zidali zokalamba, zochedwa, ndiponso zodya ndalama. Ambiri adangoti akuluakulu aneneratu, nanga ife tingatani?

Mayi Friedel Klussmann sadatero. Adalibe udindo uliwonse mu khonsolo, koma adadziwa kuti mutu umodzi susenza denga. Adasonkhanitsa mabungwe 27 a amayi, n'kukhazikitsa komiti yopulumutsa ngolozo. Amayiwo sadathere m'kulira kuti ngolo zathu n'zokongola. Adayankha za ndalama ndi za ndalama zomwe: adaonetsa kuti alendo odzakwera ngolozo amagona m'mahotela, amadya m'malesitilanti ndi kugula m'masitolo, kotero kuti chimene mzinda umataya pa njanji umachipeza kwina. Adayenda kusainitsa anthu maina mpaka nkhaniyo idaikidwa pa voti. Mu Novembala 1947 anthu oposa atatu mwa anayi alionse adavota kuti ngolo zikhale.

Musaganize kuti nkhondo idathera pomwepo. Mu 1954 njira zina zidatsekedwabe, amayi aja akukana, ndipo zitatu zimene tazitchula ndizo zidapulumuka. Koma mu 1964 boma la America lidaika ngolozi m'gulu la chuma cha mbiri ya dziko choyenera kutetezedwa. Pamene njanji ndi makina zidatheratu, ngolo zonse zidaima kuyambira 1982 mpaka 1984 kuti zikonzedwe, ndipo wotsogolera ntchito yofuna ndalama adalinso mayi, meya Dianne Feinstein. Mayi Klussmann atamwalira mu 1986, ngolo zidavekedwa nsalu zakuda, ndipo malo otembenuzira ngolo kugombe kuja, pamene mudatsikira, amatchedwa dzina lawo. Mu 1998 mayi wina, Fannie Mae Barnes, wa zaka 52, adakhala mkazi woyamba kugwira chitsulo choyendetsera chija, ntchito imene kwa zaka zoposa 120 ankati njolimba, njoyenera amuna okha.

Kwa inu amene mwina tsiku lina mudzapondako, kaya pokaona ana kaya pa ntchito, nawa malangizo ochepa. Lawirirani m'mawa, chifukwa dzuwa likakwera mzere wa pa Powell umatalika zedi. Mukaona kuti wakulitsa, pitani ku njira ya California Street, kumene anthu sachuluka kwenikweni. Musaiwale juzi, pakuti ngakhale m'miyezi ya Juni ndi Julayi, imene kumeneko ndi yotentha, nkhungu yochokera kunyanja imadza ndi mphepo yozizira. Achinyamata amakonda kuimirira kunja atagwira mzati, koma inu ndi ana khalani pa benchi, chikwama chili pamiyendo. Tsikani pokhapokha ngolo itaima, ndipo muyang'ane magalimoto, poti mumatsikira pakati pa msewu.

Amayi anzanga, wothamanga pa galimoto akhoza kuuzungulira mzinda uja m'kanthawi kochepa, koma akafunsidwa chimene waona adzatchula misewu yokha. Pa ngolo yochedwa ija ndipo munthu amaona khonde la nyumba, maluwa a pawindo, ndi nkhope ya wodutsa. Kuthamanga sikufika. Ndipo chimene mlendo amachilipirira ulendo wautali lero, kale chidali pafupi kutayidwa ngati chitsulo chadzimbiri. Chatsopano n'chabwino, ndipo mabasi a San Francisco akugwira ntchito yawo mpaka pano. Koma pamene kwanuko mwamva kuti chinthu chakale chichotsedwe, kaya ndi mtengo wa pabwalo, kaya chitsime, kaya nyumba imene makolo adamanga, yambani mwafunsa kuti chikapita chidzabwezedwa ndi chiyani. Mukaona kuti n'choyenera kukhala, musangong'ung'udza kuseri. Itanani anzanu, konzani zifukwa zomveka, ndipo kazineneni pamene pakugamulidwa nkhaniyo, monga adachitira Mayi Klussmann.