Musalambalale Likuni

Chaka ndi chaka aphunzitsi a ku Mitundu ndi ku Nathenje amasonkhetsa makolo ndalama, nakweza ana pa basi kukaona mzinda wa Lilongwe. Amakawaonetsa maofesi a boma ku Capital Hill, Nyumba ya Malamulo, chiliza cha Dr. Kamuzu Banda ndi masitolo akuluakulu. Zimenezi ife sitikuzitsutsa. Chimene chikutidandaulitsa nchakuti ambiri amabwerera kwawo osaponda pa Likuni, chonsecho msewu wolambalala mzinda, umene umayambira pa mphambano ya ku Bunda pomwe onsewa amadzera, umakumana ndi msewu wopita ku mishoniko.

Ansembe achikatolika otchedwa Abambo Oyera, atayamba ayesa pa Chiwamba m'chaka cha 1902, adasamukira ku Likuni mu 1903. Lilongwe adasanduka tauni mu 1947, ndipo likulu la dziko lino mu 1975. Tsono mishoniyo ndi mkulu, mzindawo ndi mng'ono wake, ngakhale lero nyumba za mzindawo zafika pakhomo pa tchalitchi. Maparishi a ku Mlale ndi ku Nathenje, amene anawo amawadziwa, adadza pambuyo pake.

Tamvapo ena akunena kuti malo otere ndi zotsalira za atsamunda, ndipo ana a pfuko lodzilamula alibe nawo ntchito. Maganizo amenewa ngolakwika. Nzoona kuti ansembewo adachokera kunja, ndiponso kuti adalimbana ndi miyambo yathu ina, makamaka Gule Wamkulu. Mphunzitsi asabise zimenezi. Koma adaumba njerwa ndani? Adasenza mitengo ndi madzi ndani? Nanga amene ankayenda pansi mudzi ndi mudzi kuphunzitsa a, e, i, o, u pansi pa mtengo? Adali agogo athu, amene maina awo ali m'mabuku a ubatizo koma m'mabuku a sukulu mulibe. Mwana akaima m'tchalitchimo, nkuona chipatala, sukulu za sekondale za anyamata ndi atsikana, ndi nyumba yosindikizira mabuku imene kwa zaka zambiri yatipatsa zowerenga m'Chichewa, adzamvetsa mbali ina ya mbiri ya maphunziro a m'chigawo chino.

Nthawi ikutithera. Okalamba amene adamva nkhanizi kwa makolo awo akutsikira kuli chete mmodzimmodzi, ndipo palibe akulemba zimene akudziwa.

Choncho tikupempha akuluakulu a maphunziro m'boma la Lilongwe kuti alangize aphunzitsi akulu kuika Likuni pa maulendo awo. Ayambe alembera kalata bambo mfumu wa parishi, pakuti tchalitchi ndi nyumba yopempherera, ndipo ana, a mpingo uliwonse ngakhalenso Asilamu, alowemo mwaulemu. Mwana aliyense atenge kope ndi pensulo. Pobwerako apatsidwe ntchito yokafunsa agogo ake kuti sukulu yoyamba ya m'mudzi mwawo adaiyambitsa ndani, ndipo m'chaka chiti, mayankhowo asungidwe mu ofesi ya mphunzitsi wamkulu.