Shimabala: chakudya, mankhwala ndi zitsamba pa moyo wa odwala matenda a mgonagona

Aliyense wochoka ku Lusaka kupita ku Kafue, ku Chirundu kapena ku Livingstone amadziwa Shimabala chifukwa cha chipata cholipirirapo msonkho wa pamsewu chomwe chinatsegulidwa m'chaka cha 2017. Galimoto imaima kamphindi, woyendetsa n'kulipira, ulendo n'kupitirira. Koma kuseri kwa msewu waukuluwo kuli midzi ndi minda, ndipo m'makomo ambiri a kumeneko, monganso m'boma lonse la Kafue, muli munthu yemwe akumwa mankhwala tsiku ndi tsiku. Wina ali pa ma ARV, wina pa mankhwala a chifuwa chachikulu cha TB, wina a shuga kapena kuthamanga kwa magazi, ndipo wina amakwera basi kupita ku chipatala cha khansa cha Cancer Diseases Hospital mumzinda wa Lusaka.

Munthu wotereyu amamva mawu a mbali ziwiri. Kuchipatala amamuuza kuti asadumphitse mankhwala ndipo azidya bwino. M'basi, pamsika ndi pa lamya ya m'manja amamva za ufa wa masamba, makungwa a mitengo ndi timabotolo tomwe akuti timatsuka magazi. Thumba lake ndi limodzi lomwelo: ndalama yogulira unga ndiyo yomwe wogulitsa timabotolo akuifuna.

Chiwerengero cha anthu okhudzidwa si chochepa. Kafukufuku wa ZAMPHIA wa m'chaka cha 2021 anapeza kuti anthu 11 pa 100 aliwonse a zaka 15 kupita m'tsogolo m'dziko la Zambia ali ndi kachilombo ka HIV, ndipo chigawo cha Lusaka, momwe muli Shimabala, ndicho chinali patsogolo ndi anthu oposa 14 pa 100 aliwonse. Kuchokera pomwe boma la malemu Levy Mwanawasa linachotsa malipiro a ma ARV mu 2005, matenda omwe ankatengera anthu kumanda m'zaka zochepa anasanduka matenda okhala nawo mpaka ukalamba.

Mkangano wa pakati pa chakudya ndi mankhwala unapweteka kwambiri maiko a kumwera kwa Africa. Ku South Africa, nduna ya zaumoyo pansi pa ulamuliro wa a Thabo Mbeki, mayi Manto Tshabalala-Msimang, ankalimbikitsa adyo, mandimu ndi beetroot uku akukayikira ma ARV. Akatswiri a ku yunivesite ya Harvard anawerengera mu 2008 kuti kuchedwa kupereka mankhwalawo kunatayitsa miyoyo yoposa 330,000 pakati pa 2000 ndi 2005.

Mphepo yomweyo inawombanso ku Zambia. Malemu Winstone Zulu, omwe mu 1990 anakhala munthu woyamba m'dzikolo kuulula poyera kuti ali ndi kachilombo, anakopeka ndi maganizo a anthu otsutsa kuti HIV ndiyo imayambitsa Edzi, ndipo mu 2000 anasiya kumwa mankhwala. Anadwala mpaka kutsala pang'ono kumwalira. Anayambiranso mankhwala mu 2002, nakhala ndi moyo mpaka 2011, akuchenjeza ena za cholakwa chawocho. Ngati munthu wodziwa zinthu chotere anatha kusokonezeka, palibe chifukwa chonyozera mayi wa ku Shimabala yemwe wagula botolo m'basi.

Phunziro lomwe anthu a zaumoyo anatengapo ndi lakuti chakudya sichilowa m'malo mwa mankhwala. Phunziroli ndi loona. Vuto ndi lakuti m'kupita kwa zaka, nkhani ya chakudya inatsalira m'mbuyo ngati kuti piritsi palokha ndi lokwanira, chikhalirecho umboni wotsutsa ganizo limeneli unapezeka ku Lusaka komweko, makilomita ochepa kuchokera ku Shimabala.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linanena mu 2003 kuti munthu wamkulu yemwe ali ndi kachilombo koma sakudwala amafunika chakudya chopatsa mphamvu choonjezera ndi magawo 10 pa 100, ndipo akayamba kudwala amafunika choonjezera ndi magawo 20 mpaka 30. Mu 2008 kunatuluka zotsatira za kafukufuku wochitikira m'zipatala 8 za boma mu Lusaka. Odwala osowa chakudya m'zipatala zina ankalandira ufa wa phala wa chimanga ndi soya pamodzi ndi mafuta ophikira kuchokera ku bungwe la World Food Programme, pomwe ena sankalandira. Mwa olandira chakudya, 70 pa 100 aliwonse ankatenga mankhwala awo m'nthawi yake pafupifupi mosadumphitsa. Mwa osalandira, anali 48 okha. Chifukwa chake n'chodziwika kwa aliyense yemwe anasamalirapo wodwala: mankhwala akayamba kugwira ntchito njala imabwerera mwamphamvu, ndipo munthu wogona ndi njala amayamba kuopa piritsi.

Komabe si chilichonse chotchedwa chopatsa thanzi chomwe chimapulumutsa moyo. Kafukufuku wina wotchedwa NUSTART, yemwe anachitika ku Lusaka ndi ku Mwanza m'dziko la Tanzania pakati pa 2011 ndi 2013, anatsata anthu 1,815 owonda kwambiri omwe ankayamba ma ARV. Onse analandira chiponde, koma cha gulu lina chinali choonjezeramo mavitamini ndi michere. Imfa sizinachepe m'gulu lolandira zoonjezerazo. Munthu akafika kuchipatala thupi litatha kale, mavitamini a m'paketi sabweza zomwe zatayika. Ogulitsa timabotolo ta mavitamini pamtengo wokwera satchula kafukufuku ameneyu.

Pa nkhani ya TB, umboni wamphamvu unachokera ku India. Kafukufuku wa RATIONS m'chigawo cha Jharkhand, wofalitsidwa mu 2023, anasonyeza kuti kupatsa achibale a wodwala TB mpunga, nyemba ndi timapiritsi ta michere mwezi ndi mwezi kunachepetsa kudwala kwa TB m'mabanjamo ndi magawo 39 pa 100. Chinali chakudya wamba, cha pamsika.

Zaka za 2024 ndi 2025 zinaonetsa poyera kufooka kwa dongosolo lonse. Pa 29 February 2024, Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala cha El Niño ndi tsoka la dziko, chimanga cha pa mahekitala pafupifupi miliyoni imodzi chitauma. Zokolola zinatsika kufika pa matani pafupifupi 1.5 miliyoni kuchoka pa oposa 3 miliyoni chaka chapambuyo. Thumba la unga wa breakfast la makilogalamu 25 linapitirira K300, ndipo bungwe la JCTR linawerengera kuti banja la anthu asanu mu Lusaka linkafunika ndalama zoposa K10,000 pamwezi kuti likwanitse zofunika pamoyo. Mlimi wamng'ono yemwe ankadya za m'munda mwake anasanduka wogula, ndipo m'nyumba ya wodwala choyamba kusowa ndi ndiwo.

Kenaka mu January 2025 boma la a Donald Trump linaimitsa thandizo la dziko la America ku maiko akunja. Zipatala zina zomwe zinkayendera ndalamazo zinatseka, odwala n'kutumizidwa ku zipatala za boma, ndipo alangizi ambiri a m'midzi omwe ankalondola munthu akajomba tsiku lotenga mankhwala anasiya ntchito. Mu May chaka chomwecho kazembe wa America panthawiyo, a Michael Gonzales, analengeza kuti dziko lawo lidula thandizo la mankhwala la madola 50 miliyoni pachaka chifukwa cha kubedwa kwa mankhwala operekedwa mwaulere. Mlangizi akasiya kugogoda pakhomo, wogulitsa zitsamba ndiye amatsala yekha akulankhula ndi wodwala.

Chodabwitsa n'chakuti zambiri zomwe thupi la wodwala limafuna zili pafupi. Chibwabwa, bondwe, kalembula ndi delele zimamera m'minda ya m'derali. Nyemba, nsawa, soya, mazira, kapenta ndi nsomba za mumtsinje wa Kafue zimamanga thupi, ndipo ndiwo zotendera nsinjiro zimapatsa mphamvu zambiri m'mbale yaing'ono, chinthu chofunika kwa munthu yemwe pakamwa pali zilonda kapena sakufuna kudya. Unga wa roller, womwe ambiri amauona ngati wa amphawi, umasunga gaga ndi mtima wa chimanga zomwe unga woyera wa breakfast unataya, ndiponso ndi wotsika mtengo. Chimanga cha mtundu wa lalanje chokhala ndi vitamini A chinaperekedwa kwa alimi a ku Zambia mu 2012, ndipo likulu la bungwe lofufuza zaulimi la ZARI lili ku Mount Makulu ku Chilanga, pafupi ndi Shimabala pomwepo. Koma nsima yoyera ikadali mfumu, ndipo ndondomeko ya boma yothandiza alimi ndi feteleza ndi mbewu, yomwe inayamba mu 2002, yakhala ikutsamira kwambiri ku chimanga. Zokolola zoposa matani 3.6 miliyoni za mu 2025 zinabweza nsima pambale. Ndiwo n'nkhani ina.

Chakudya chachilengedwe nachonso chili ndi zoopsa zake. Mu August 2024, nduna ya zaumoyo panthawiyo, a Elijah Muchima, analengeza kuti agalu pafupifupi 400 anafa atadya zakudya zopangidwa ndi chimanga chokhala ndi poizoni wa aflatoxin, ndipo poizoniyo anapezeka wochuluka pafupifupi m'theka la zitsanzo 25 zotengedwa kwa ogaya unga. Aflatoxin amachokera ku chuku chomwe chimamera pa chimanga ndi nsawa zosauma bwino. Satha ndi kuphika, ndipo amayambitsa khansa ya chiwindi, makamaka mwa anthu omwe ali ndi matenda a chiwindi a hepatitis B. Nsawa zonyala, zakuda kapena zowawa, zomwe nthawi zambiri ndizo zimasinjidwa chifukwa sizingagulitsidwe, n'zosayenera kwa wodwala.

Mankhwala nawo asintha, choncho malangizo ena akale afunika kuunikidwanso. Kuyambira mu 2018 dziko la Zambia linayamba kusamutsira odwala ku piritsi la TLD, lomwe lili ndi mankhwala a dolutegravir. Mankhwalawa ndi amphamvu, koma amagwirana m'mimba ndi michere ya calcium, iron ndi magnesium yopezeka m'mapiritsi oonjezera magazi ndi m'mankhwala a kutentha pamtima, n'kulephera kulowa bwino m'magazi. Malangizo ake ndi akuti TLD imwedwe maola awiri zinthu zoterezi zisanamwedwe kapena maola 6 pambuyo pake, ngakhale mapiritsi a iron ndi calcium angamwedwe nthawi imodzi ndi TLD pamene munthu akudya. Dothi lomwe amayi ena oyembekezera amadya lilinso ndi michere ya mtundu umenewu, ndipo ndi nkhani yoyenera kuuza anamwino. Chinanso n'chakuti anthu ena, makamaka amayi, amanenepa kwambiri akayamba dolutegravir. M'zaka za m'ma 2000 kunenepa kunali chizindikiro chakuti munthu wachira, ndipo achibale ankakondwera. Lero kungakhale chiyambi cha shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Zakumwa zotsekemera, mchere wambiri ndi zokazinga sizilinso mphatso yabwino kwa wodwala aliyense.

Nanga zitsamba? Sayansi sidana ndi mitengo. Mankhwala a malungo a artemisinin anachokera ku chitsamba cha ku China, ndipo vincristine, wochizira khansa ya ana, anachokera ku duwa la ku Madagascar. Kusiyana kwake n'kwakuti zimenezi zinayesedwa, mlingo wake n'kudziwika. Boma la Zambia linayesapo njira yomweyo: mu 2005 linayamba kuyesa mankhwala atatu a zitsamba pa odwala ochepa, kuphatikizapo Sondashi Formula ya a Ludwig Sondashi omwe anakhalapo nduna ya boma, ndipo zotsatira sizinasonyeze kuti ena mwa iwo amachotsa kachilombo. Mu 2007 kunabwera Tetrasil, yemwe ankalengezedwa ngati mankhwala ochiza Edzi, mpaka boma linaulula kuti ndi mankhwala ophera tizilombo m'madamu osambiramo.

Masamba a moringa ndi ndiwo yabwino, ndipo palibe choletsa kuwathira m'phala. Chitsamba cha St John's wort, chogulitsidwa m'masitolo a zakudya zaumoyo, chimachepetsa mphamvu ya ma ARV m'magazi. Zonse ziwirizi zimatchedwa zachilengedwe, ndipo wogula sangazisiyanitse poyang'ana botolo. Lamulo la mankhwala la mu 2013 linapatsa bungwe la ZAMRA mphamvu zoyang'anira mankhwala, a zitsamba omwe, koma munthu woyenda ndi chikwama m'basi ndi wovuta kumulondola. Choopsa chachikulu nthawi zambiri si chomwe chili m'botolo, koma miyezi yomwe imatayika. Khansa ya khomo la chiberekero, yomwe imagwira amayi ambiri m'dzikoli kuposa khansa ina iliyonse, imachizika ikapezeka msanga, ndipo kupima kwaulere kunayamba mu 2006. Komabe ambiri amafika kuchipatala matenda atafalikira kale. Asing'anga omwe amatumiza wodwala kukapimitsa asanamupatse kalikonse alipo, ndipo bungwe lawo la THPAZ ndi khomo lomwe unduna wa zaumoyo ungaligwiritse ntchito kwambiri kuposa kungodzudzula.

Pa zipatala za boma, wodwala akabwera kudzatenga mankhwala amakwera pa sikelo, nambala n'kulembedwa. Nambalayo ikatsika miyezi iwiri kapena itatu motsatizana, namwino angapereke uphungu, koma alibe thumba la nyemba loti apereke. Thandizo la ndalama la Social Cash Transfer, lomwe linayambira ku Kalomo mu 2003, limalandira mabanja okhala ndi munthu wodwala kwanthawi yaitali yemwe akusamalidwa pakhomo, koma lili pansi pa unduna wina, woona za chitukuko cha m'midzi ndi chisamaliro cha anthu, ndipo mayina amadutsa m'makomiti a m'madera. Lamulo la chakudya ndi kadyedwe koyenera la mu 2020 linapatsa bungwe la National Food and Nutrition Commission udindo wogwirizanitsa maunduna pa nkhani imeneyi. Pamene kugwirizanako sikunafike pa sikelo ya kuchipatala, wonyamula kalata ya dokotala kuchoka ku Shimabala kupita ku ofesi ya zachisamaliro ku Kafue ndi wodwala mwiniwake, kapena mwana wake yemwe wajomba kusukulu tsiku limenelo.