Clipboard si malo osungirako deta ya kafukufuku

Mu R muli kamzere kamene ophunzira ambiri timakakonda: read.delim("clipboard"). Umakopera tebulo mu Excel, n'kubwera ku R, n'kudina Enter, basi deta yalowa. Palibe zosakasaka kumene fayilo ili, palibe zolimbana ndi setwd. Anzathu a Python nawonso ali ndi kawo, read_clipboard ya mu pandas. Sindikukanyoza ayi. Ndikafuna kuona msangamsanga ngati manambala ena akuyenda limodzi, ndimachita zomwezo. Chimene ndikukana n'choti kamzereka kazipezeka mu script imene tikupereka kwa aphunzitsi, makamaka ya kafukufuku wa chaka chomaliza.

Script yotere siinena kuti deta yachokera mu fayilo iti, pa sheet iti, mizere ingati. Imangouza R kuti atenge chilichonse chimene chili pa clipboard panthawiyo. Lero ndi tebulo lanu, mawa ndi nambala ya foni imene mwakopera pa WhatsApp. Pakatha miyezi itatu aphunzitsi n'kukufunsani kuti 47 peresenti ija munaipeza bwanji, mudzayang'ana script yanu yomwe ndipo sidzakuthandizani.

Koma chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi choti Excel saika pa clipboard nambala yeniyeni. Amaikapo zimene maso anu akuona. Ngati mu selo muli 0.4567 koma munaikonza kuti izionetsa manambala awiri okha pambuyo pa kadontho, R alandira 0.46, ndipo sadandaula chilichonse. Ngati munasiya filter yoyatsa, mizere yobisika ija imatsala komweko. Anthu 300 amene munawafunsa mafunso amasanduka 180, regression n'kuyenda bwinobwino ngati palibe chachitika. Nambala yokhala ndi koma, monga 1,250, R amaiwerenga ngati mawu; imeneyi ndiye yabwinoko, chifukwa mean() imakupatsani NA ndi chenjezo, mumadzidzimuka. Zinazo zimadutsa mwakachetechete. Ngakhale kusunga ngati CSV sikuthetsa nkhani ya 0.46 ija, poti Excel amalembanso zooneka zomwezo. Phukusi la readxl ndi limene limawerenga nambala yeniyeni kuchokera mu fayilo ya xlsx.

Palinso vuto laling'ono la makompyuta. Kamzere kaja kamayenda bwino pa Windows. Mnzanu wa Mac amafunika pipe("pbpaste"), ndipo pa RStudio Server sikagwira n'komwe chifukwa R akuyendera pa kompyuta ina. Phukusi la clipr limathandizako pa nkhani ya Windows ndi Mac, koma silisintha zimene ndanena pamwambapa.

Mwina wina anena kuti ndikukulitsa nkhani, ndi homuweki chabe. Taganizirani za Thomas Herndon. Anali wophunzira pa University of Massachusetts Amherst pamene anapatsidwa ntchito ya m'kalasi yobwereza kafukufuku wa akatswiri ena. Anasankha pepala la mu 2010 la Carmen Reinhart ndi Kenneth Rogoff a ku Harvard, limene linkasonyeza kuti chuma cha dziko chimakula pang'onopang'ono kwambiri ngongole ya boma ikapitirira 90 peresenti ya GDP. Andale ku America ndi ku Ulaya ankalitchula poikira kumbuyo mfundo zodula ndalama zimene boma limagwiritsa ntchito. Manambala a Herndon sankagwirizana ndi a m'pepalalo. Eni ake atamutumizira fayilo yawo ya Excel, anapeza kuti fomula ina inasiya mayiko asanu: Australia, Austria, Belgium, Canada ndi Denmark. Zimenezi zinatuluka poyera mu 2013. Cholakwikacho sichinali cha clipboard, koma chinali cha mtundu womwewo: dzanja linasankha mizere yoperewera. Chinagwidwa chifukwa panali fayilo yoti munthu wina atsegule n'kuona pamene dzanjalo linalekezera. Mukasankha mizere ndi mbewa n'kuiponya mu R, chizindikiro cha pamene munalekezera chimafufutika mukangokopera chinthu china.

Ndikuvomereza kuti nthawi zina palibe njira ina. Katebulo kali mu PDF, monga lipoti la kalembera wa 2018 la National Statistical Office, umangoyenera kukakopera basi. Zikatero, clipboard ikhale njira yongodutsamo kamodzi. Deta ikalowa, lembani dput(tebulo) ndipo zimene R atulutse muzimate mu script, kapena gwiritsani ntchito datapasta, imene imasandutsa zomwe mwakopera kukhala malamulo a R. Tebulo likakhala lalikulu, lisungeni ndi write.csv ndipo script iziwerenga fayiloyo. Pamwamba pake lembani dzina la lipoti, tsamba ndi tsiku limene munakopera, kenako yendetsani nrow() n'kuyerekeza ndi mizere imene mwawerenga nokha mu PDF muja.