Ndalama za nkhata zikumudutsa mlimi

Alimi anzanga, tsiku lina mukadzakhala pa maliro mudzawerenge nkhata zimene zikuikidwa pamanda. Woyendetsa mwambo amaitana wamasiye, kenaka ana, makolo, akuchimuna ndi akuchikazi, a mpingo, a kuntchito, mpaka nyakwawa ndi phungu ngati wabwera, ndipo aliyense amanyamuka ndi nkhata m'manja. Mukadzatha kuwerenga mudzadzifunse kuti mwa zonsezo ndi zingati zimene zachokera m'dimba la munthu. Kumene ndayenda ine, zambiri ndi zapulasitiki, zogula m'sitolo kapena kwa okhoma mabokosi. Ndalama imeneyi ikanatha kulowa m'thumba la mlimi, koma tikungoiyang'ana ikupita kwina.

Kale amayi ankakhala pamthunzi m'mawa wa tsiku loika maliro, kupinda nthambi yofewa, n'kumangirirapo masamba ndi maluwa ndi luzi. M'midzi ina akuchitabe. Luso silinathe ayi, chimene chinasowa ndi maluwawo. Pabwalo timasesa mpaka mbee, kamene kamera mbuzi zadya, tsono zovuta zikagwa usiku palibe kothyola.

Msika wake si wa maliro okha. Sabata ndi Lamulungu lililonse kutsogolo kwa tchalitchi kumafunika maluwa, ndipo amayi a Mvano, a Chigwirizano, a Dorika ndi a Katolika amene ali pa ntchito yokongoletsa amachita kuyenda khomo ndi khomo kupempha. Akalephera amabwezera omwe aja apulasitiki amene akhala pa guwa zaka ndi zaka, fumbi lokhalokha. Pa 2 November Akatolika amakumbukira akufa ndipo ambiri amapita kumanda. Boma nalo limaika nkhata: pa 3 March ku Nkhata Bay pokumbukira anthu amene anaphedwa mu 1959, ndiponso mu November pa chipilala cha asilikali ku Zomba.

Koma chimene ndikufuna mugwire ndi ichi. Maukwati, zinkhoswe ndi miyambo ya ziliza zimachuluka anthu akakolola ndi kugulitsa mbewu, ndiye kuti m'chilimwe. Nthawi imeneyo tchire lapsa, pakhomo pali gwa, ndipo malo okhawo obiriwira ndi dimba. Mwini dimba ndiye ali ndi madzi pamene wina aliyense akusowa duwa. Chonsecho tonse timathamangira tomato ndi mpiru, n'kukaunjikana nazo pamsika mwezi umodzi mpaka mtengo kugwa.

Sindikunena kuti muzule ndiwo. Bedi limodzi kapena awiri m'mphepete mwa dimba ndi okwanira poyamba. Maluwa a marigold, zinnia ndi cosmos amamera ndi njere, savuta, ndipo pakatha miyezi iwiri kapena kupitirirako pang'ono amakhala ayamba kumasula. Njere zake mumasunga nokha, simugulanso. Marozi amagwira ndi nthambi zodula koma amafuna manyowa, kuthenera ndi kuleza mtima. Musafese zonse tsiku limodzi. Fesani pang'onopang'ono masabata awiri alionse kuti wogula akabwera asakupezeni opanda kanthu, pakuti wa maliro sangadikire mawa.

Marigold ali ndi phindu lina. Mitundu ina yake imachepetsa tinyongolotsi ta m'nthaka timene timatupitsa mizu ya tomato, makamaka mukadzala bedi lonse kwa miyezi ingapo n'kudzaikapo tomato pambuyo pake. Njuchi nazo zimabwera, ndipo wa maungu ndi nkhaka akudziwa ntchito ya njuchi.

Pamene ambiri amaonongera ndi podula. Duwa si chinangwa choti n'kuponya m'thumba. Dulani m'mamawa dzuwa lisanatenthe, ndi mpeni wakuthwa, phesi likhale lalitali. Chotsani masamba a m'munsi chifukwa akamira m'madzi amaola n'kununkhitsa, ndipo ikani msanga m'ndowa ya madzi oyera pamthunzi. Madziwo muzisintha tsiku ndi tsiku. Ngati mukupita pa njinga, apite ali m'ndowa momwemo, mutaphimba ndi nsalu yonyowa.

Ena anena kuti maluwa enieni amafota masiku awiri pamene apulasitiki amakhalitsa. N'zoona amafota, koma akafota amasanduka nthaka. Kayendereni manda pakatha mvula imodzi muone zimene zimakhalitsazo: zasuluka ndi dzuwa, mphepo yamwaza, mawaya ali pambalambanda, zidutswa zina zili m'munda wa woyandikana nawo. Dziko lino linaletsa mapepala apulasitiki opyapyala mu 2015 ndipo khoti lalikulu la apilo linagwirizana nazo mu 2019, chifukwa cha mmene amaonongera nthaka ndi ziweto. Nkhata sizinali m'gulu limenelo, komabe sindikuona nzeru yake yokaunjika pulasitiki kunkhalango kumene mitengo yake sitidula n'komwe.

Enanso akuti kugulitsa nkhata n'kudyera pa maliro. Nanga kalipentala wa bokosi? Nanga wogulitsa nsalu? Malire ake tonse tikuwadziwa: zikagwa pamudzi panu, maluwa mumapereka monga mmene mumaperekera ufa ndi nkhuni. Amene mukumugulitsa ndi uja wachokera kutali, amene akanakagula ndithu m'sitolo.

Anzathu a ku Kenya amalima marozi m'mbali mwa nyanja ya Naivasha n'kumatumiza pa ndege ku Ulaya, makamaka ku Netherlands. Zimenezo zimafuna nyumba zolimiramo, zipinda zozizira ndi chuma chambiri, tsono tisanamizane kuti tifikako chaka chamawa. Wathu msika uli pa mtunda wa njinga.

Musanafese njere ngakhale imodzi, kayambeni mwacheza ndi ogula. Pitani kwa amayi oyang'anira zokongoletsa m'mipingo iwiri kapena itatu ya pafupi, mufunse mitundu imene amakonda ndi tsiku limene amakonza m'tchalitchi. Pitani kwa wokhoma mabokosi ndi kwa okongoletsa maukwati, muwasiyire nambala ya foni ndi nkhata imodzi yoti anthu aone. Mupezenso mayi mmodzi wodziwa kuluka amene mungamudzutse usiku, mugwirizane gawo lake pa nkhata iliyonse, chifukwa uthenga umabwera madzulo ndipo katundu amafunika m'mawa mwake.