Mafuta a mayi wamasiye sanacokere m'mutu

Pali ciphunzitso cimene cafika m'midzi yathu kudzera pa WhatsApp, ndipo alaliki ena acinyamula kale n'kukwera naco paguwa. Akuti nkhani ya mayi wamasiye ndi mneneri Elisa, ya pa 2 Mafumu 4, ndi phunziro la maganizo cabe. Mbiya zopanda kanthu akuti ndi mutu wako, kutseka citseko ndi kutsinzina, mafuta ndi ciliconse cimene mtima wako ukulakalaka. Uone m'maganizo njinga yamoto kapena nyumba ya malata, usangalale ngati wazipeza kale, basi zibwera zokha.

Nzeruzi si zatsopano. Neville Goddard, mbadwa ya ku Barbados amene anamwalira mu 1972, ankaphunzitsa ku America kuti Baibulo si mbiri ya zinthu zimene zinacitikadi, komanso kuti Mulungu ndi mphamvu ya munthu yoona zinthu m'maganizo. Amene akubwereza lero mbali yaciwiriyi amaimeza, poopa akulu a mpingo.

Abale anga, tsegulani Baibulo muwerenge nokha, ndi mavesi 7 okha. Mayiyu sankalota cuma. Mwamuna wake anamwalira n'kusiya ngongole, ndipo mwini ndalama anali kubwera kudzatenga ana ake awiri kuti akhale akapolo. Elisa anamufunsa cimene ali naco m'nyumba. Kenako anamutuma kwa anansi kukabwereka mbiya. Taganizani manyazi ake, wamasiye wodziwika ndi ngongole kumaodira khomo ndi khomo! Anansiwo akanakana, mafutawo akanathira muti? Ana ndiwo ankamupatsira mbiya iye akuthira. Zitadzaza, panatsala nchito yokagulitsa, kubweza ngongole, n'kudya zotsalazo. Mlaliki wa maganizo wafufuta anansi, wafufuta ana, wafufuta msika, ndipo Mulungu mwini cozizwitsaco wamusandutsa mnyamata wotumidwa ndi zofuna zathu.

Cimene cimandiwawa kwambiri n'cakuti ngati mafuta amatsatira kukula kwa maganizo, ndiye kuti wosauka aliyense anadzisaukitsa yekha. Mlimi wa ku Angónia watenga feteleza pangongole, mvula n'kudula cimanga cikumasula, iye auzidwe kuti mbiya za m'mutu mwake zinacepa? Amayi amene amagulitsa mbatatesi ku Lizulu anaona phindu lawo likusungunuka kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Kodi nawonso anatsinzina molakwika? Munthu wotere amabwerera kwawo ndi ngongole yake yomweyo, kuonjezapo kudziimba mlandu, ndipo sapitanso kwa mnansi kukapempha thandizo poopa kuoneka wopanda cikhulupiriro.

Nanga ndalama ya "mbewu" imene aphunzitsiwa amapempha pomaliza ulaliki, bwanji iyo yokha saiona m'maganizo n'kuidikira kuti ibwere yokha? Imeneyo amafuna mametikali enieni, m'mbale, lero lomwe.